Mvula Ikagwa, Madzi Asathawe



Cimanga ca cithandizo cimatha, ndipo cikatha funso lotsala ndi la madzi. Akuluakulu akumbukira cilala ca 1992. Tonse tinaona ca 2024, pamene mvula inaleka cimanga ciri pafupi kumasula, mpaka pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Caka comweco madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse.

Cilala sicacilendo kwa ife, koma tsopano cikupeza dziko lotentha kuposa kale. Utsi wa malasha ndi mafuta otenthedwa m'maiko onse wakhala ngati bulangeti kumwamba, ndipo kutentha sikuturuka. Dzuwa likumwa madzi a m'madambo ndi m'madamu msanga. Mvula nayo ikumabwera mwaukali masiku ocepa, kenaka ng'amba ya masabata angapo.

Apa ndipo ndifuna timvetsetsane. Citsime sicidzala ndi mvula imene yagwa, cimadzala ndi mvula imene yalowa pansi. Mvula yamkuntho ikagwa pa munda wotenthedwa, wopanda zinyalala, kapena pa phiri limene mitengo yake inapita ku makala, madzi amathamangira kumtsinje atanyamula nthaka yathu yabwino. M'masiku owerengeka ali ku Luangwa. Pofika September amai akukumba mcenga wa mumtsinje kufuna madzi, cikhalireco mvula inagwa yokwanira.

Tsono nchito yathu ndi kuimitsa madziwo pomwe agwera. Musatenthe mapesi, agonekeni m'munda. Mizere idutse copingasa phiri, isatsetsereke nalo. Kumbani maenje obzalamo nthawi ya cirimwe, akuya ndithu mpaka khasu liswe nthaka yolimba ya pansi ija, kuti mvula yoyamba ikhale m'dzenje pamodzi ndi manyowa. Nchitoyi ndi yowawa caka coyamba, sindikubisirani, koma maenje omwewo mudzabzalamonso caka cinaco.

Za dambo ndinene mosapsatira. Dambo ndi nkhokwe ya madzi ya mudzi wonse, ndipo munthu mmodzi akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kapena kudula mitengo ya kumutu kwa kasupe, amaumitsa citsime ca anzake. Iyi si nkhani ya banja limodzi. Pitani nayo kwa anyakwawa, mugwirizane malire amene khasu ndi nkhwangwa sizidutsa.

Mjigo wanu ukhale ndi komiti yosonkhetsa kandalama mwezi ndi mwezi, cifukwa nthawi zambiri mjigo umaleka kutulutsa madzi kaamba ka kacitsulo kakang'ono, pansi madzi alimo. Ng'ombe zimwere patali, ndipo cimbudzi cikumbidwe kumunsi kwa citsime, osati kumtunda.

Madzi akacepa anthu amatunga paliponse, ndipo pamenepo matenda otsegula m'mimba amalowa. Kolera ya 2023 ndi 2024 inadzaza odwala m'bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka. Madzi a m'citsime cosavundikira kapena a mumcenga muziwawiritsa, kapena kuthiramo Klorin monga mwa malangizo a pa botolo, ndi kudikira mphindi 30 musanapatse mwana.