Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira msonkhano wa za kusintha kwa nyengo ku Senga Bay

  Sindichulutsa gaga m'diwa, poti dzuwa la kuno silinyengerera mlendo.

Nkhani yatisonkhanitsayi ndi ya ndalama. Ife timakamba za mvula ndi mphepo, koma boma likakhala pansi kukonza bajeti limafunsa kuti zawonongekazo ndi za ndalama zingati. Madzi osefukira a mu 2015 adawononga zinthu za madola 335 miliyoni a ku America. Namondwe wa Idai mu 2019 adatitayitsa madola 220 miliyoni, wa Freddy mu 2023 madola oposa 500 miliyoni, osanenapo za abale athu ambirimbiri amene tidawataya kummwera. World Bank idachenjeza mu 2022 kuti tikapanda kuchitapo kanthu, chuma cha dziko lino chikhoza kutsika ndi pakati pa 3 ndi 9 peresenti pofika 2030.

Ziwerengero zimenezi n'zofunika, ndizo boma limanyamula popita kwa otithandiza. Koma zimaona msanga mlatho wokokoloka, denga la sukulu losasuka, kapena makina a magetsi a ku Kapichira amene adaima ndi namondwe wa Ana mu 2022. Zambiri zochitika pagombe pano sizilowamo.

Taganizani za mayi amene watenga ngongole ku banki mkhonde, n'kugula usipa m'mamawa, n'kuuyanika pathandala. Masana mvula yagwa mwezi umene makolo athu sankaiyembekeza. Kukacha usipa uja wada, wayamba fungo, akuugulitsa motaya kwa oweta nkhuku, koma ngongole ili pomwepo. Mwera ukawomba sabata yathunthu, chilimira chili pamtunda, anyamata a m'boti alibe cholowa, wakabaza wa padoko nayenso akungowothera dzuwa. Amene amalemba zimenezi ndani? Palibe.

Nanga mwaiwala 2024? Nyanjayi idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ogwira ntchito n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Chaka chomwecho chimanga chinkafota m'minda, mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya ng'amba. Mlimi ndi msodzi, aliyense ankalira maliro akeake, koma polemba malipoti misozi ya msodzi imachepa.

Tsono pempho langa ndi ili. Doko lililonse, kuyambira ku Chipoka mpaka kwa Makanjira, likhale ndi kope. Komiti ya padoko izilemba masiku amene maboti sanalowe panyanja, mabeseni a usipa owonongeka, ndi mtengo wake wa tsiku limenelo. Alangizi azitenga makopewo mwezi ndi mwezi kupita nawo kukhonsolo ya Salima, kuti nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi nthambi ya zanyengo zizipeza umboni wochokera kuno. Wina asanene kuti anthu akumudzi sangathe. Anthu amene amatseka chilumba cha Mbenje chaka ndi chaka, n'kumvera mfumu yawo mpaka nsomba zitaswana, sangalephere kusunga kope.

Kwa inu a khonsolo ndi mafumu athu, ndilankhule mosapsatira. Bungwe la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza kuti pasamangidwe nyumba pansi pa mulingo wa mamita 477 poyezera kuchokera pa nyanja yamchere. Mukapitiriza kugawa malo m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndalama zimene zikadagula mankhwala m'zipatala zathu zidzathera kugula matenti. Lekani kugawa malo amenewo.

Akatswiri amene mwachokera ku Lilongwe, musathere m'chipinda chino. Mawa m'mawa tsikirani kudoko mukamve kwa eni ake, ndipo mubwere ndi manambala amene makhansala angawateteze pokambirana bajeti ya boma lino.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.