Kakonzedwe ka Malo a Mmisiri: Phunziro la ku Mukuni Park

Lero tikambirana za malo ogwirira ntchito: kukula kwake, kasungidwe ka mitengo ndi zida, ndiponso m'mene mungakonzere zonsezo kuti zizinyamulika msanga.

Chitsanzo chathu tichitenga ku Livingstone, m'dziko la Zambia, mzinda umene unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935. Pakati pa mzindawu, m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya, pali Mukuni Park, ndipo pamenepo pandandalika timisika togulitsa ziboliboli, mbale zosema, zipande ndi ng'oma kwa alendo odzaona mathithi. Kamsika kalikonse nkopapatiza ndithu. Osema ambiri kwao nkwa Mfumu Mukuni, mudzi wa Aleya umene uli kum'maŵa kwa mathithiwo. Ntchito yoŵaza ndi kusema ndi nsompho kaŵirikaŵiri imachitikira kumudzi, pamene kumsika kumatsala kukwecha ndi kupaka polishi. Tsono taonani: anthuŵa sanamange nyumba yaikulu, koma anagaŵa ntchito yao paŵiri, ya zinyalala kwina, yaukhondo kwina, naphunzira kunyamula katundu pakati pa malo aŵiriwo.

Kodi malo anu akule motani? Yankho lili pa mtengo wautali koposa umene mumagwiritsa ntchito. Thabwa la mamita 3.6 likamadutsa pa makina ochekera limafuna danga la mamita 3.6 kutsogolo ndi lina lotero kumbuyo, kutanthauza mamita oposa 7. Sindikuti mumange chisakasa chotalika chotero ayi. Ikani makina kapena benchi lanu molunjika khomo, kuti thabwa likatalika lizitulukira panja. Khomolo likhale lotakasuka, poti pulaiwudi mmodzi amatalika mamita 2.44 ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 1.22. Wosema safuna zonsezi. Iye angosiya mita imodzi yopanda kanthu mbali zonse, kuti nsompho ikaphonya isapeze mwendo wa mwana. Benchi lifike pamfundo ya dzanja lanu mutaimirira.

Tsopano za mitengo, pakuti apa mpamene chuma cha mmisiri chimatayikira mwakachetechete. Dera la Livingstone nlodziŵika ndi mukusi, mtengo wofiira umene kampani ya Zambezi Sawmills inkacheka, mpaka inamanga njanji yopita ku Mulobezi m'zaka za m'ma 1920. Kulinso mukwa, umene ife timautcha mlombwa, ndi phingo wakuda uja. Mitengoyi kulemera kwake nkosiyana: mlombwa ngwopepukirapo, mukusi ngwolemera, pamene phingo amamira m'madzi. Chotero yolemera igone pansi, pafupi ndi khomo, yopepuka ikwere pathandala. Munthu wokweza chipika cha phingo pamwamba pa mutu wake akudziitanira tsoka.

Koma kunena kuti pansi sikutanthauza padothi. Yalani njerwa kapena miyala, mulu uyambire masentimita 30 kuchokera panthaka, kuti chinyontho chisafike ndiponso kuti muzitha kusuzumira ngati chiswe chayamba kumanga njira zake. Pakati pa thabwa ndi thabwa ikani timitengo touma ta masentimita 2, molingana kuyambira pansi kufikira pamwamba. Mukatiika mwachisawawa matabwa adzapindika. Kumapeto kwa chipika chilichonse pakani penti kapena phula, chifukwa madzi amatulukira msanga kumeneko, ndipo dzuŵa la mu Okutobala limang'amba mtengo wauŵisi masiku oŵerengeka okha. Mulu ukhale pamthunzi podutsa mphepo. Lembani ndi choko mwezi umene mtengo unadulidwa, kuti muyambe ndi wakale. Mvuu yosemedwa pa mtengo wosauma imaoneka bwino pamsika, koma ikafika m'nyumba youma ya ku London imang'ambika, ndipo mbiri yoipayo imagwera msika wonse.

Utuchi ndi polishi nzosayanjana. Pokwechera pakhale kumunsi kwa mphepo, zomalizidwa zikhale kumtunda kwake, zofunditsidwa nsalu. Nsanza zonyowa ndi mafuta opaka matabwa musaziunjike pakona, pakuti zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni panja.

Nanga kunyamula? Mabuku a kunja amalangiza kuika timagudumu pansi pa benchi ndi makabati. Langizolo nlabwino pasimenti, koma Livingstone wakhala pa mchenga wa Kalahari, ndipo kagudumu kakang'ono kamangotitimira. Ine ndikuti tengani magudumu aŵiri a wilibala, muwamange mbali imodzi ya benchi, mbali inayo musiye miyendo iŵiri ndi zogwirira. Mukatula, miyendo imaluma pansi ndipo benchi siligwedera popala. Mukatukula, limayenda ngati ngolo. Mvula ya pakati pa Novembala ndi Malichi simapempha chilolezo, motero zonse zili panja zikhale zoti munthu mmodzi angaziloŵetse pamaulendo aŵiri kapena atatu.

Zida musazithire m'bokosi limodzi lalikulu. Mabokosi aŵiri, lililonse loti mungalinyamule ndi dzanja limodzi, ndiwo abwino: lina la zakuthwa, monga matchizulo, mipeni ndi nsompho, chilichonse m'kachipinda kake kuti mano asagundane, lina la matupa, sandipepa, guluu ndi polishi. Jambulani chithunzi cha chida chilichonse pamalo pake, kuti madzulo diso lione msanga chimene chasoŵa. Ndipo zida zamanja musaziponye kuseri chifukwa mwagula makina: mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku m'Zambia, ndipo sowo ndi puleni wamanja ndizo zinkadyetsa ana.

Potsiriza, ganizirani wogula, pakuti nayenso ngwapaulendo. Ndege zambiri zimalola chikwama cha makilogalamu 23 okha, ndiye chifukwa chake tizinthu tating'ono timatuluka msanga kuposa njovu yofika m'chiuno. Mashelefu ofika pamaso muwapatse timeneti, zazikulu zikhale ziŵiri kapena zitatu pansi. Posamutsa, kulungani chilichonse pachokha m'chiguduli, ndipo khosi la nyamalikiti mulimangirire ku kathabwa lisanakwere njinga.