Injini ya Boti Ikafooka Pakati pa Nyanja

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawomba pa nyanja ya Malawi, ndipo asodzi a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay amadziwa kuti madzi ogona m'bandakucha atha kuwinduka dzuwa lisanakwere. Nthawi yotereyi injini yofooka ndi yoopsa ngati injini yozimiratu, pakuti boti lopanda mphamvu yolunjika mafunde limatembenuzika cham'mbali ndi kuyamba kumwa madzi. Ngakhale pa tsiku labata, usipa wogwidwa usiku ndi chilimira suyembekeza munthu: ukachedwa kufika pa thandala umafewa, ndipo ogula amaunyoza mtengo.

Chida choyamba cha woyendetsa boti ndi khutu lake. Kufooka kwa injini kuli mitundu iwiri. Pena injini imalira mokweza, mwinanso kuposa masiku onse, koma boti silithamanga. Pena injiniyo imabuula, kutsamwa kapena kunjenjemera munthu akawonjezera moto. Mtundu woyambawo vuto lake lili pansi pa madzi. Wachiwiriwo lili ku mafuta kapena ku mapulagi.

Za pansi pa madzi sizivuta kupeza. Woyendetsa azimitse injini, ayipendeketse, ndipo ayang'ane pulopela. Mpeni wake umodzi utha kukhala utapindika pogunda mwala. Ngati sakuona chovuta, nthawi zambiri wagwa mphwayi ndi mpira umene umagwirizanitsa pulopela ndi chitsulo chake chapakati. Mpirawo ukatha, chitsulo chimazungulira chokha pulopela n'kumatsalira. Njira yotsimikizira ndi kujambula mzere umodzi wodutsa pa ziwirizi, kuyendetsa boti pang'ono, kenaka kuonanso; mzerewo ukaduka pakati, pulopela wayenera kusinthidwa. Pulopela yemweyo ayang'anidwenso ngakhale pamene injini ikubuula, popeza chidutswa cha ukonde, kapena namasupuni wa mu mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, chikakulungika pamenepo chimalemetsa injini. Ulusi wa mbedza ndiye woipitsitsa: umadula mpira wotseka madzi, madziwo n'kulowa mu oyilo wa magiya, amene amasanduka woyera ngati mkaka.

Koma mavuto ambiri amachokera ku mafuta, ndipo apa mpofunika kudekha. Pa chivindikiro cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Kakakhala kotseka, injini imayamba bwinobwino, n'kuyenda ndithu kamtunda, kenaka n'kuyamba kufooka chifukwa petulo sangatuluke m'thanki mopanda mpweya wolowa m'malo mwake. Anthu ambiri apalasa ndi nkhafi mtunda wautali chifukwa cha kanthu kongofuna zala ziwiri.

Pa paipi ya mafuta pali kampira kopopera. Kampiraka kamanena zambiri kwa munthu wokadziwa. Kakaphwa n'kukhala kophwatalala injini ikuyenda, ndiye kuti njira yatsekeka cha ku thanki. Kakakana kulimba popopa, ndiye kuti paipi yang'ambika kapena polumikizira pakulowa mpweya. Ndipo ngati mphamvu ikubwerera nthawi iliyonse pamene munthu akukafinya, mlandu uli pa pampu ya mafuta ya m'injinimo kapena pa mpweya wolowa m'paipi. Zikatero mmodzi wa alovi akhale akufinyafinya mpaka boti lifike ku doko. Muvi wojambulidwa pa kampirako uyenera kuloza ku injini.

Kenaka pali petulo mwini wake. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatsekeka bwino, pa gombe, amatenga madzi. Wogulidwa m'mbali mwa msewu pena amakhala wothiridwa palafini, ndipo kutsika mtengo kwake kumabwezedwa kwa makaniko. Kuyesa madzi n'kosavuta: petulo pang'ono athiridwe m'botolo loonekera m'kati, alekedwe kanthawi, ndipo madzi adzakhala pansi. Sefa yaing'ono imene ili m'kati mwa chivindikiro cha injini nayonso imasunga madzi ndi mchenga, choncho iyenera kutsukidwa kawirikawiri.

Injini zambiri za asodzi, monga za Yamaha Enduro za mahatchi 15, zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo. Muyeso wofala ndi magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo, koma mawu omaliza ali m'buku la injiniyo. Akuluakulu amene anazolowera injini zakale za Seagull, zimene zinkamwa oyilo wochuluka kwambiri, amakonda kuthira mowolowa manja poganiza kuti akuisamala injini. Zotsatira zake ndi utsi wambiri ndi mapulagi odzaza mwaye. Wothira wochepa ndiye amaononga koposa, chifukwa zitsulo zimakhulana zouma mpaka pisitoni kugwira. Kuyeza ndi maso sikuyenera. Pakhale kabotolo kodziwika muyeso wake.

Pulagi ikamasulidwa imaonetsa m'mene injini ikudyera. Nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndi ya injini yathanzi. Yakuda ndi yonyowa ikusonyeza oyilo wochuluka, kapena choko choiwalika chili chokoka. Yoyera mbee ikusonyeza kuti petulo akuperewera ndipo injini ikutentha. Injini ya mapulagi awiri itha kuyenda ndi imodzi yokha, koma imanjenjemera ndipo mphamvu imatsika kwambiri. N'chifukwa chake mapulagi awiri atsopano, okulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi sipanala yake, sayenera kusowa m'boti.

Kumbuyo kwa injini kumatuluka kamzere ka madzi. Ameneyu ndi mboni yakuti madzi oziziritsa akuyenda. Kakachepa kapena kuleka, injini izimitsidwe msanga. Pena ndi kapulasitiki kamene katseka mabowo olowera madzi, pena ndi mchenga wa pa kabowo kotulukira, umene kawaya kakang'ono kamachotsa. Zikapanda kutero, chatha ndi kampira kamapiko kopopa madzi. Chizolowezi cholizira injini pa mtunda, kunja kwa madzi, pofuna kuonetsa ogula kuti ndi yamoyo, chimapsereza kampiraka m'kanthawi kochepa.

Nthawi zina injini ilibe mlandu konse. Boti ladzaza mopitirira, katundu waunjikana mbali imodzi, pansi pamera ndere, kapena matabwa akudontha ndipo boti lanyamula madzi.

Kabuleta ndiye asatsegulidwe pa nyanja. Timabowo take ndi tating'ono, tizitsulo take tikagwera m'madzi tapita, ndipo woboola ndi singano amakulitsa kabowo n'kusokoneza kamwedwe ka injini. Imeneyi ndi ntchito ya pa mtunda, pa nsalu yoyera. Ngati thanki, paipi, petulo, mapulagi, pulopela ndi madzi oziziritsa zonse zapezeka zili bwino koma mphamvu sikubwerera, makamaka ngati chingwe cholizira chikukokeka mopepuka kuposa kale, ndiye kuti mwina maringi a pisitoni atha, ndipo injiniyo ipite kwa makaniko wokhala ndi chida choyezera kupanikiza kwa mpweya m'kati mwake.