Thumba la Zosokera Lopachika Pakhoma

Ndiyambe ndi funso. Kodi singano yanu ili kuti panopa? Ena muti ili kudenga, yotsomeka mu udzu. Ena muti ili pakalendala. Ena simukudziwa n'komwe.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Tsiku lina ndinkasoka malaya pamphasa. Mlendo anaodira, ine n'kudzuka, singano n'kuisiya pomwepo. Madzulo mwana wanga wa zaka 3 anaiponda, ndipo inathyokera m'phazi. Ndinamubereka usiku womwewo mpaka kuchipatala. Chiyambire tsiku limenelo, zosokera zanga zimakhala m'thumba lopachika pakhoma. Palibe chimene ndinagula polipanga.

Kuno ku Dedza timalima chimanga ndi kachewere, choncho matumba a feteleza sasowa pakhomo. Tengani limodzi la makilogalamu 50. Koma apa mumvetse bwino. Feteleza ali ngati mchere, amadya chitsulo. Mukapanda kuchapa thumbalo, singano ndi sizasi zidzachita dzimbiri msanga. Litembenuzeni, lichapeni ndi sopo, litsukuluzeni kawiri kapena katatu, liume padzuwa. Thumba limene munali mankhwala ophera tizilombo, limenelo ayi.

Dulani chidutswa cha masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Ngati mulibe tepi, tambasulani chikhatho: zikhatho zitatu m'litali, ziwiri m'lifupi. M'mphepete mwake mumayoyoka, ndiye pindani kawiri musanasoke. Ofuna kukongoletsa akute ndi chitenje chakale. Kumtunda pindani n'kusiya mpata woti mulowe kandodo ka nsungwi. Mangani chingwe kunsonga zonse ziwiri za nsungwiyo. Popachikira ndi pamenepo.

Tsopano timatumba. Musavutike kusoka tatsopano. Funani buluku lakutha la abambo, koma mupemphe kaye! Buluku limatha m'maondo ndi kumbuyo, pamene matumba ake akadali olimba. Aduleni mosiya nsalu ya zala ziwiri kuzungulira. Ikani awiri kumtunda, awiri kumunsi. Sokani mbali zitatu ndi msoko wobwerera m'mbuyo. Pakamwa pa kathumba bwerezani kangapo, chifukwa kung'ambika kumayambira pamenepo.

Zakuthwa zikhale kumtunda. Sizasi ilowe chozondoka, nsonga pansi, ndipo pansi pa kathumba kake muikepo chigamba kuti isaboole. Lezala likhale m'bokosi la machesi. Kumunsi ndi kwa ulusi ndi mabatani. Ulusi wotsala muukulunge pachitsononkho, sudzasokonekera. Mabatani alowe m'kabotolo kamene munatha mafuta odzola. Ndipo malaya akatha, musawasandutse sanza musanachotse mabatani ndi zipi. Ine ndimamva chisoni kuona zipi yabwinobwino kudzala.

Nanga singano? Iyi ndiyo ifunika chisamaliro. Dziko lathu lino ndi lokwera. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita oposa 2,000. Mu Juni ndi Julaye nkhungu imagwa, ndipo nthawi ya dzinja makoma amagwira chinyontho. A ku Bembeke mukudziwa zimene ndikunena. Singano ya dzimbiri imakana kulowa, imadetsa nsalu, mwinanso kuthyoka. Choncho dulani kachidutswa ka bulangete lakale, kukula ngati chikhatho. Kasokereni pakati pa matumba awiri a kumtunda. Dontheza limodzi la mafuta a makina kapena a njinga likwanira. Tsomekani singano ndi mapini pamenepo. Muziwerenga: ngati zinali 4, zibwerere 4 musanadzuke pamphasa. Imene yayamba kale dzimbiri, ipukuteni ndi phulusa louma.

Musapachike thumbali kukhitchini. Utsi umadetsa ulusi. Musalipachikenso pakhoma limene mvula imawomba. Sankhani khoma la m'kati mwa nyumba. Khomani msomali pamwamba, poti mwana sangafike ngakhale atakwera pampando.

Chatsala chimodzi. Inu tsopano mumatha kulemba. Tengani bolopeni, lembani pa kathumba kalikonse: SIZASI, LEZALA, ULUSI, MABATANI. Kenaka londolani zilembozo ndi ulusi wofiira, kuti zisafufutike pochapa. Mwana mukamtuma batani adzawerenga yekha. Koma za kumtunda zija muzitenga nokha.