Kupakiza M'kalasi

 Lero tikambirana funso limodzi lokha: mwana akabwerera ku sukulu atakhala nthawi yaitali osaphunzira, kodi mphunzitsi ayambire pati?

Tiyambe ndi za kumunda, popeza ambiri a ife tinakulira kumeneko. Mlimi akabzala chimanga ndi mvula yoyamba, mvulayo n'kudula kwa milungu iwiri, iye sakhala pakhonde kumangowerenga masiku. Amalowa m'munda natsata mzere uliwonse, kuyang'ana phando lililonse. Pamene mbewu yamera amapitirira, pamene siinamere amaweramapo nabzalanso. Ntchito imeneyi timaitcha kupakiza. Mlimi amene athira feteleza m'munda wonse osayamba waona ngati mbewu zamera amataya ndalama zake pa dothi lopanda kanthu.

Aphunzitsi anzanga, kalasi nalonso ndi munda, ndipo mvula ya m'munda umenewu yadula kangapo. Pa 20 Marichi 2020 boma linatseka masukulu onse chifukwa cha matenda a COVID-19. Ana a Giredi 7, 9 ndi 12, amene anali kukonzekera mayeso, anabwerera pa 1 Juni, koma ena onse anakhala kunyumba mpaka pa 21 Sepitembala, miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. Mu Juni 2021 masukulu anatsekedwanso. Mu 2024 anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, koma chifukwa cha kolera ana sanalowe m'kalasi mpaka pa 12 Febuluwale. Chaka chomwecho kunagwa chilala, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mwana wogona ndi njala, ngakhale afike ku sukulu, maganizo ake sakhala pa bolodi.

Kumeneko ndi kutseka kumene kunalengezedwa pa wailesi. Koma kulinso kujomba kwina kumene sikulengezedwa konse. Mnyamata amatumidwa kukaweta ng'ombe nyengo yonse ya dzinja. Mtsikana amatsala kunyumba kulera mng'ono wake pamene amayi ali kumunda wa fodya. Mtsinje ukadzaza, ana a tsidya lina amabwerera pa doko. Malungo amadya mlungu umodzi, maliro amadya wina. Palinso atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pakati, ndipo abweranso monga limawalolera lamulo limene boma linakhazikitsa mu 1997. Ndiponso kuyambira mu Januwale 2022, pamene malipiro anachotsedwa m'masukulu a boma mpaka Giredi 12, ana ambiri amene anali atasiya anabwerera. Chimenechi ndi chinthu chokondweretsa, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Komabe mphunzitsi wa lero ali ndi kalasi lodzaza ndi ana osiyana misinkhu, osiyananso m'zimene adziwa.

Tsiku lina ndinachezera sukulu ina ya kumudzi, kunja kwa Chipata. M'kalasi la Giredi 5 ndinaona mtsikana amene kope lake linali laudongo kuposa onse. Zilembo zake zinali zoongoka, mizere yake yosakhota. Ndinamupempha kuti andiwerengere zimene analemba. Anayang'ana pansi nakhala chete. Anali atakopa chilembo chilichonse cha pa bolodi monga munthu ajambula maluwa pa nsalu, koma sanathe kutchula liwu ngakhale limodzi. Mwanayo sanali waulesi, sanalinso wopanda nzeru. Pa miyezi imene anzake anaphunzira kulumikiza zilembo iye kunalibe, ndipo atabwerera kalasi linali litapita patsogolo. Tsiku lililonse ankafika, tsiku lililonse ankalembedwa m'kaundula kuti alipo, koma phando lake linali losamera.

Yankho la funso lathu ndi ili: mphunzitsi ayambire pamene mwana ali, osati pamene buku lafika. Ndipo yankho limeneli si lachilendo kuno kwathu. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unayesa njira yotchedwa Catch Up m'masukulu 80 a m'maboma anayi, ndiwo Chipata ndi Katete kuno kum'mawa, Monze ndi Pemba kum'mwera. Njirayi inachokera ku India, kumene bungwe la Pratham linaiyamba, ndipo kuno inakonzedwera ana a Giredi 3, 4 ndi 5. Itaoneka kuti ikuthandiza, inafalikira m'masukulu pafupifupi 1,800 a m'zigawo ziwirizi, kenaka ndi m'zigawo zina. Ili ndi mbali zitatu, ndipo ndikupemphani kuti muzimvetsere bwino.

Mbali yoyamba ndi kuyesa mwana aliyense payekha. Si mayeso olemba ayi. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzi pa mthunzi kapena pakhonde, namupatsa pepala lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Pa mphindi zochepa chabe amadziwa ngati mwanayo sanayambe kuzindikira zilembo, ngati adziwa zilembo zokha, ngati atha kuwerenga mawu, ngati atha kuwerenga ndime, kapena ngati atha kuwerenga nkhani yonse ndi kuimva. M'masamu ndi chimodzimodzi: kodi azindikira manambala? Kodi atha kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa? Poyesa musakalipe, musaonetse kukhumudwa pa nkhope. Sing'anga sakalipira wodwala chifukwa chakuti thupi lake latentha.

Mbali yachiwiri ndi kugawa ana m'magulu monga mwa zimene adziwa, osati monga mwa giredi lawo. Kwa ola limodzi pa tsiku, mwana wa Giredi 5 amene sanadziwe zilembo amakhala pamodzi ndi wa Giredi 3 amene ali pomwepo, ndipo wa Giredi 3 amene awerenga kale nkhani amakhala ndi anzake owerenga nkhani. Ola likatha aliyense amabwerera m'kalasi lake.

Mbali yachitatu ndi kuphunzitsa ndi zinthu zimene ana angathe kugwira ndi manja. Lembani pansi, pa dothi, maphatikizo anayi awa: ka, la, ma, ta. Itanani mwana mmodzi adumphe kuchoka pa lina kunka pa lina, anzake azitchula mokweza. Akadumpha ka, la, ta, anzake afuula kuti kalata. Akadumpha ma, la, ta, apeza malata. Akadumpha ma, ka, la, apeza makala. Mwana amene wapanga yekha liwu ndi mapazi ake saliiwala msanga.

M'masamu gwiritsani ntchito timitengo. Timitengo 10 timangidwe mtolo umodzi ndi luzi. Tiyerekeze kuti mufuna kuchotsa 17 pa 42. Mwana aike pansi mitolo 4 ndi timitengo 2. Mufunseni kuti achotsepo timitengo 7. Aona yekha kuti tiwiri sitikwanira, ndipo adzamasula mtolo umodzi. Tsopano ali ndi mitolo 3 ndi timitengo 12. Akachotsa 7 patsala 5, akachotsanso mtolo umodzi patsala mitolo 2. Yankho ndi 25. Kubwereka kumene kumavuta ana ambiri pa bolodi ndi kumasula mtolo basi, ndipo mwana amene wamasula luzi ndi zala zake wamvetsa chimene chikuchitika.

Pakapita milungu ingapo muwayesenso ana onse. Amene wakwera apite ku gulu la patsogolo. Gulu si mudzi woti mwana amangemo nyumba, koma ndi doko lowolokera.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti, "Ana ndili nawo ochuluka, ndingathe bwanji kukhala ndi mmodzimmodzi?" Musawayese onse tsiku limodzi. Yesani asanu lero, asanu mawa, ndipo mugawane ntchitoyi ndi aphunzitsi anzanu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ena mukuti, "Nanga silabasi ndidzaimaliza liti?" Funso limeneli ndi loona, makamaka popeza kuyambira mu 2025 masukulu anayamba kulandira silabasi yatsopano. Koma taganizani: kodi silabasi imene yathera pa bolodi, pamene theka la kalasi silitha kuwerenga mutu wa phunziro, yathadi? Ola limene mwapereka kwa mwana wosadziwa kuwerenga silinatayike. Lidzabwerera kwa inu m'phunziro la sayansi, la mbiri ndi la masamu, pamene mwanayo adzatha kutsegula buku yekha.

Ife a wailesi tili ndi mbali yathu, koma tidziwanso malire athu. Kuyambira mu 2000 pulogalamu ya Taonga Market inafikira ana ambiri amene analibe sukulu pafupi, ndipo mu 2020 maphunziro anaulutsidwa pa wailesi ndi pa TV pamene masukulu anali otseka. Koma nyumba zambiri za kumidzi zinalibe magetsi, zina zinalibe ndi wailesi yomwe. Chinanso n'chakuti wailesi ilibe maso. Ine pano sindikuona mwana amene wayang'ana pansi. Amene mukumuona ndinu aphunzitsi. Choncho phunziro la pa wailesi likatha, musamangotseka n'kupitirira. Funsani ana atatu kapena anayi, makamaka aja okhala kumbuyo, kuti akuuzeni zimene amva.

Aphunzitsi aakulu, ntchito yanu ndi kuteteza ola limeneli. Lisasanduke nthawi yosesa pabwalo kapena yotunga madzi. Pa msonkhano wa makolo fotokozani bwino chifukwa chake mwana wa Giredi 5 akukhala ndi ang'ono ake kwa ola limodzi, kuti makolo asaganize kuti wabwezedwa m'mbuyo. Kambiranani ndi a mfumu za anyamata oweta ng'ombe, ndi za miyambo imene ingathe kuchitika pa tchuthi. Ndipo mwana akajomba mlungu wathunthu, wina apite kwawo akafunse, mwezi usanathe.

Tsopano ndilankhule ndi inu, ana anga. Ngati unakhala kunyumba nthawi yaitali, ndipo pobwerera wapeza kuti anzako adziwa zinthu zimene iwe sudziwa, usachite manyazi, ndipo usathawe. Si mlandu wako. Akakuika m'gulu la zilembo, khala mosangalala, pakuti aliyense amene awerenga nyuzipepala lero anayambira pa chilembo chimodzi. Ukapanda kumva, funsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Iwe amene uwerenga kale bwino, usaseke mnzako. Khala naye pa nthawi yopuma, umulembere maphatikizo pansi, mudumphe limodzi. Ukafika kunyumba werengera agogo ako zolembedwa pa thumba la feteleza kapena pa chikwangwani cha kumsika wa Kapata. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pomaliza, nayi ntchito ya mlungu uno. Aphunzitsi, konzani pepala la zilembo, mawu, ndime ndi kankhani, ndipo muyese ana asanu tsiku lililonse. Lembani dzina la mwana aliyense ndi pamene wafika, ndipo kaundula ameneyu mumusunge, pakuti tidzamufunanso. Ana inu, aliyense abwere ndi timitengo 20 towongoka, totalika ngati pensulo, ndi luzi pang'ono. Timitengo timeneto tidzatigwiritsa ntchito m'phunziro lotsatira, pamene tidzaone m'mene mitolo imatithandizira kuwonkhetsa manambala aakulu.