Phala la Mgaiwa Si la Amphawi

(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale ku Ntcheu)

Nkhani yanga ndi ya mfisulo, chakudya chimene timadya m'mawa.

Tonsefe tinakulira phala la mgaiwa, mbatata, chinangwa ndi mkute. Koma ambiri mwa ife titalembedwa ntchito m'tauni tinayamba kuona zakudya zimenezi ngati za amphawi. Lero mfisulo wathu ndi tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera, ndipo pakutha pa mwezi timagulira ana cornflakes kuti nafenso tioneke otsogola.

Kodi cornflakes n'chiyani? Ndi chimanga chomwechi chimene timalima kwa Njolomole ndi kwa Kwataine. Kampani ya Kellogg, imene inayamba mu 1906 ku Battle Creek m'dziko la America, ndiyo inatchukitsa chakudyachi. Amachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, nachiphika, nachipsinja kukhala tizidutswa topyapyala, nathiramo shuga ndi mchere. Mitundu ina yokongoletsedwa kuti ikope ana imakhala ndi shuga wambiri koposa. N'zoona kuti amaonjezamo mavitamini, koma mtengo wa bokosi limodzi ungathe kugula mgaiwa wa masiku ambiri, ndipo mwana sachedwa kumvanso njala.

Ubwino wa mgaiwa uli m'gaga ndi m'mtima wa chimanga umene timataya pokonola. Gagayo amachititsa kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono m'mimba, motero munthu amakhala wokhuta nthawi yaitali. Mukatsiramo nsinjiro mwaonjezera zomanga thupi ndi mafuta. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe, nzeru yake ndi yomweyi: chimanga ndi soya. Mungathe kukonza nokha kunyumba. Tengani makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga bwino, mukagayitse pamodzi kuchigayo.

Tsono za shuga. Mu 2015 bungwe la za umoyo la WHO linalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu 50, kapena timasupuni ta tiyi pafupifupi 12. Amene amathira timasupuni tinayi m'kapu namwa makapu awiri watha kale 8 dzuwa lisanakwere. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akutitengera anzathu a msinkhu wathu uno, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Boma lathu la Ntcheu ndi lodalitsika. Pa Lizulu ndi pamphambano ya ku Tsangano pamakhala kachewere, kabichi, tomato, nyemba ndi zipatso. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo phala lotsira nsinjiro pamodzi ndi nthochi ndiye kuti magulu atatu mwawapeza kale m'mawa womwewo. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, ili ndi vitamini A. Iphikeni futali. Thobwa la mawere nalonso n'labwino mukachepetsa shuga.

Pamene ife tikusankha chakudya, ana ena alibe chosankha. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, laonetsa kuti kapu ya phala imakokera ana kusukulu, koma silingafike paliponse. Mwana wa njala samva masamu.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, phala la mgaiwa libwerere m'nyumba zathu, ndipo ana ationere ife makolo tikudya, pakuti mmera m'poyamba. Chachiwiri, pa nthawi yokolola membala aliyense apereke ndowa imodzi ya soya kapena mtedza, komiti ikambirane ndi a Mphunzitsi Wamkulu momwe ophunzira oyendera angamalandirire phala asanalowe m'kalasi. A Wapampando, ndikupempha kuti mfundo imeneyi tiikambirane lero lomwe tisanabalalike.