Ng'ona, Nyalugwe ndi Lamulo la Nyama Zakutchire: Mawu kwa Atsogoleri a ku Mangochi



Ndaima pano kuti tikambirane za malamulo a kasakidwe ka zilombo zolusa ndi nyama zimene anthu amazifuna kaamba ka zikopa zake. Nkhaniyi kwa munthu wa ku Lilongwe ndi ya m'mabuku, koma kwa inu a kuno ndi nkhani ya m'mawa uliwonse, poti mayi wa kwa Chimwala akamapita kukachapa ku Malombe, kapena mnyamata wa kwa Mponda akamakwera bwato pa Shire, sadziwa chimene chabisala m'bango. Anthu otere akakumana ndi tsoka sathamangira ku likulu. Amabwera kwa inu, ndipo yankho limene muwapatse likhoza kupulumutsa munthu ku ndende kapena kumulowetsamo.

Tiyambe ndi kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda, pamene boma lino linkatchedwa Fort Johnston, mkango, nyalugwe, fisi ndi ng'ona zinkawerengedwa ngati zilombo zoononga, ndipo wozipha ankayamikiridwa. M'zaka za m'ma 1950 alenje ofuna zikopa anapha ng'ona zambiri m'nyanja ndi mu Shire. Ambiri a makolo athu anakula akudziwa kuti chilombo n'chofunika mkondo basi, ndipo nkosadabwitsa kuti maganizo amenewa akadalipo m'midzi. Koma lamulo linasintha. M'chaka cha 1992 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale, kuphatikizapo lija loona za ng'ona pazokha. Linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017.

Tsinde la lamulo la 1992 linali lakuti nyama iliyonse yakutchire m'dziko muno ili m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene aisunga m'malo mwa Amalawi onse. Tsono ng'ona imene ikuothera dzuwa kumunsi kwa dimba lako si yako, ngakhale dimbalo n'lako. Katumbu amene akuba nsomba m'mono mwako si wako. Wofuna kusaka ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Dipatimenti ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire, ndipo chiphaso cha mfuti chochokera ku Polisi sichilowa m'malo mwa chiphaso cha ulenje. Pali anzathu ena, ngakhale ovala mataye, amene amaganiza kuti pokhala ndi mfuti yolembetsa ali ndi ufulu woombera chilichonse choyenda ndi miyendo inayi. Muwauze kuti akudzinamiza.

Ngakhale mwini chiphaso ali ndi malire ake. Saloledwa kutchera misampha ya waya, kukumba mbuna, kuthira poizoni, kutentha tchire pofuna kuvumbulutsa nyama, kapena kupha nyama yaikazi imene ikuyenda ndi ana ake oyamwa. Za poizoni ndikhalepo pang'ono. Munthu fisi akamugwirira mbuzi, mkwiyo umamutuma kuthira mankhwala a m'munda pa nyama yotsalayo. Fisi mwina afa, mwina ayi. Koma agalu a m'mudzi, nkhandwe ndi miimba zimadya nyama yomweyo, ndipo mvula ikagwa mankhwalawo amatsikira m'madzi amene tonse timamwa.

Kukonzedwa kwa lamulo mu 2017 ndiko kumene ambiri sanakumve bwino. Nyama zinaikidwa m'magulu monga mwa kuchepa kwake, ndipo pa gulu lotetezedwa koposa, mmene muli njovu, chipembere, ngaka, mkango ndi nyalugwe, chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Wolakwa si mlenje yekha ayi. Wosunga chikopa, wogula, wonyamula pa njinga, onse lamulo limawafunsa chikalata chosonyeza kuti chinthucho anachipeza mwachilungamo. Ndikudziwa kuti zikopa za nyalugwe ndi njuzi zili ndi malo ake pa miyambo ya mafumu ndi pa magule athu, ndipo palibe amene akunyoza mwambo. Koma mfumu imene ili ndi chikopa chosiyidwa ndi makolo ichite bwino kuonana ndi akuluakulu a zanyama kuti chidziwike, ndipo isatume mnyamata kukafuna chatsopano. Dziko lathu linalowa m'pangano la maiko la CITES mu 1982. Pansi pa panganolo Malawi inkaloledwa kutumiza kunja zikopa za nyalugwe zokwana 50 pa chaka, koma mu 2019 chilolezo chimenecho chinachotsedwa, Malawi yomwe itapempha. Ngati Boma lenilenilo linasiya, munthu wamba angapitirize bwanji?

Wina afunsa kuti, nanga zilombozi n'zosungiranji? Yang'anani ku Liwonde, nkhalango imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo imafika mpaka m'mphepete mwa nyanja ya Malombe. Zilombo zolusa zazikulu zinali zitatha mmenemo kaamba ka misampha. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, linabweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018 ndi mimbulu mu 2021, ndipo mu 2018 nkhalango ya Mangochi, ya kufupi ndi Namwera, inaonjezedwa pa ntchito yomweyo. Zambiri mwa nyama zimene agogo athu ankazimva zikulira usiku zinachita kubwera pa ndege kuchokera kunja, ndi ndalama zambiri. Alendo amene amagona ku Cape Maclear, m'nkhalango ya Lake Malawi National Park imene inatsegulidwa mu 1980 n'kulembedwa ndi UNESCO mu 1984, ndi omwewo amene amapita ku Liwonde kukaona mikango, ndipo ana athu ambiri amadyera pomwepo.

Koma sindinabwere kudzakuuzani zokoma zokhazokha. Mkango wa ku Liwonde uli mu mpanda; ng'ona ya mu Shire ilibe mpanda. Nyanja itakwera kwambiri mu 2024, madzi analowa m'madimba ndi m'makomo mwa anthu, ndipo kumene madzi afika ng'ona ndi mvuu zimafikanso. Tsiku lina mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake anagwidwa akuonjola ukonde, anandifunsa kuti, "Bambo, kodi Boma limawerenga ng'ona kapena anthu?" Ndinasowa poyambira. Lamulo lathu silinena za chipukuta misozi kwa munthu wovulazidwa ndi nyama yakutchire, ndipo ine ndikuona kuti pamenepa pali mpata woti aphungu athu auganizire mofatsa. Kubisa zimenezi pamaso pa anthu n'kudzichotsera ulemu.

Chimene lamulo limanena n'chakuti munthu akhoza kupha chilombo podziteteza kapena populumutsa mnzake, ngati ngoziyo ili pomwepo ndipo palibe njira ina. Akatero ayenera kukanena msanga kwa ofesala wa zanyama kapena ku Polisi, ndipo nyamayo ndi chikopa chake zikhala za Boma. Kupha ng'ona imene yagwira mwana ndi nkhani ina. Kusonkhana patapita masiku atatu n'kukapha ng'ona iliyonse imene yapezeka pa dooko, kenaka n'kugulitsa chikopa, ndi mlandu. Chilombo chimene chazolowera kuvutitsa anthu chili ndi eni ake ochithana nacho, ndiwo alenje a Dipatimenti. Pamenepa ndiye pagona ntchito yathu. Lipoti likachoka kwa nyakwawa lisagone sabata pa tebulo la kalaliki, chifukwa anthu akadikira osaona thandizo amatenga mikondo, ndipo tikatero tawasandutsa tokha akaidi. Lipotilo linene dooko lake, tsiku, nthawi, ndi ngati chilombocho chaonekera kangati. Kumbukirani kuti madandaulo a anthu a ku Phirilongwe anamveka, ndipo mu 2009 njovu 83 zinasamutsidwa kupita ku Majete. Zinatheka chifukwa panali anthu amene sanatope kulemba ndi kukumbutsa.

Palinso zimene tingaphunzitse popanda ndalama. Ng'ona yaikazi imaikira mazira mu mchenga nyengo yotentha, n'kuwalondera pafupifupi miyezi 3 mpaka aswe kumayambiriro a dzinja, ndipo nthawi imeneyi imalusa koposa. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu: wochapa pa mwala womwewo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku, akudziitanira tsoka. Kutumbula nsomba n'kutaya matumbo pamalo posambira ana n'kuiitana ndi manja awiri. Makomiti a m'madooko, amene anayambira ku Malombe kuno mu 1993, akhoza kupatula malo otumbulira nsomba ndi malo otungira madzi, ndipo mjigo umodzi wokonzedwa msanga umachotsa amayi ambiri m'mphepete mwa mtsinje.

Ndisanakhale pansi, nditchule za zikhulupiriro ziwiri. Choyamba ndi ndulu ya ng'ona. Kuyambira kale ng'ona ikaphedwa anthu amafuna kuona ndulu yake ikutayidwa pamaso pa mfumu, poopa kuti wina angathire mnzake mu mowa. Mu 2015 anthu 75 anamwalira ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, atamwa mowa wa masese pa maliro, ndipo mbiri inawanda yakuti munali ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wachimanga woonongeka ndi madzi. Chachiwiri ndi choopsa koposa: munthu akagwidwa, ena amati ng'onayo inali yotumidwa, ndipo chala chimaloza nkhalamba ya m'mudzi momwemo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mfumu kapena wapampando wa nthambi akamva manong'onong'o otere pa siwa, asadikire kuti kuche. Atumize uthenga ku Polisi usiku womwewo, ndipo gogoyo akagone kunyumba kwa mfumu.